Buku Lopatulika ndi Mabuku a Azungu

Munthu woyenda m'tinjira ta ku Mgona, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, amamva Baibulo likulankhulidwa ngakhale tsiku lisali Lamulungu. Mayi akamaitana mwana wake kuti Rute kapena Yobu amakhala akutchula mayina a Chihebri amene anayamba kumveka zaka zoposa 2,000 zapitazo. Mnyamata wothawa pakhomo n'kukamwaza chuma cha makolo timamutcha mwana wolowerera, bwenzi lopereka mnzake kwa adani timati ndi Yudasi, ndipo mkulu wokana kulowerera mlandu timati wasamba m'manja. Ambiri olankhula motere saganizako n'komwe kuti akutapa m'buku. Chodabwitsa n'chakuti mwana wa ku Mgona yemweyo, kapena mnzake wa ku Kawale ndi ku Chinsapo, akafika Fomu 3 n'kupatsidwa sewero la William Shakespeare amaliona ngati chinthu chakutali chosam'khudza, chonsecho zina mwa zimene zikumuzunguza mutu anazimva kale ku Sande sukulu m'chinenero chake. Kuti timvetse m'mene izi zinakhalira, tiyenera kulondola ulendo wa bukuli kuchokera kwa eni ake, kudzera ku England, mpaka kudzafika ku Mvera.

Ambiri timalitenga Baibulo ngati buku limodzi lolembedwa ndi dzanja limodzi. Koma ndi nkhokwe ya mabuku ochuluka, olembedwa m'kati mwa zaka mazanamazana, ndipo gawo lake lalikulu silinalembedwe ndi Akhristu. Chimene Akhristu amachitcha Chipangano Chakale ndi malemba a Ayuda, olembedwa m'Chihebri, ndi zigawo zochepa m'Chiaramu. Eni akewo amawatcha Tanakh, ndipo kwa iwo palibe chakale pamenepo poti savomereza chipangano china chobwera pambuyo. Amawagawa patatu, Chilamulo, Aneneri ndi Zolembedwa, ndipo amawerenga mabuku 24 pamene Aprotestanti, pogawa malemba omwewo mwa njira ina, amapeza 39. Kasanjidwe kake nakonso n'kosiyana. Malemba a Ayuda amathera pa buku la Mbiri, pamene mfumu Koresi ikuloleza anthu otengedwa ukapolo kubwerera kwawo. Akhristu ambiri anaika mneneri Malaki kumapeto, kuti wowerenga akangotembenuza tsamba akumane ndi Mateyu. Amene anafotokozapo nthano pamoto madzulo akudziwa kuti kusintha mathero ndiko kusintha nkhani yonse.

Malembawa sanakhalitse m'chinenero chimodzi. Zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, Ayuda okhala mumzinda wa Alexandria anayamba kuwamasulira m'Chigriki, ndipo m'Baibulo lachigrikili munalowa mabuku ena amene sapezeka m'mpukutu wa Chihebri. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigriki chomwecho. Cha m'ma 400, Jerome anamasulira Baibulo m'Chilatini, ndipo ntchito yakeyo inalamulira mipingo ndi sukulu za ku Ulaya kwa zaka pafupifupi 1,000. N'chifukwa chake mpaka lero Chipangano Chakale cha Akatolika chili ndi mabuku 46, ndipo ana awiri okhala desiki imodzi angathe kutsutsana ngati nkhani yakutiyakuti ili m'Baibulo, onse n'kukhala olondola.

Ku England kumasulira Baibulo inali ntchito yoika moyo pachiswe. William Tyndale anasindikiza Chipangano Chatsopano m'Chingerezi mu 1526 ali kunja kwa dziko lake, ndipo mu 1536 anaphedwa ataweruzidwa kuti ndi wopanduka pa chipembedzo. Koma mawu ake sanafe naye. Analowa m'Baibulo la Geneva la 1560, limene anthu a nthawi ya Shakespeare ankawerenga m'nyumba zawo, analowanso m'Baibulo la King James la 1611. Kwa zaka pafupifupi 300 zotsatira, Mngerezi wodziwa kuwerenga ankakula akumva bukuli kutchalitchi, kusukulu ndi kunyumba. Alembi a nthawi imeneyo sankaona chifukwa chofotokozera kuti Yakobo anali yani, monga momwe mlembi wa kuno kwathu satayira nthawi kulongosola kuti Kalulu ndi wochenjera ndipo Fisi ndi wadyera. Ankangotchula dzina, wowerenga n'kumaliza yekha.

Chitsanzo chabwino chili m'sewero la Shakespeare lotchedwa The Merchant of Venice. Shylock, Myuda wobwereketsa ndalama mwa katapira, akufuna kusonyeza kuti phindu lake ndi lolungama. Sapita kutali: akukumbutsa Antonio m'mene Yakobo anachulukitsira ziweto zake pamene ankaweta nkhosa za Labani, amalume ake, nkhani ya m'mutu 30 wa Genesis. Antonio akukana, akuti zimenezo zinali za dzanja la Mulungu osati nzeru za Yakobo. Wophunzira wosaidziwa nkhaniyi amangodumpha mizere imeneyi n'kumafulumira kukafika pa nkhani ya mnofu. Woidziwa amaona kuti anthu awiriwa akulimbirana buku limodzi, aliyense akuti ndi lake. Kubwalo la milandu nako, Shylock akuyamikira woweruza wachinyamata uja pomufanizira ndi Danieli. Danieli wake si wa m'dzenje la mikango, koma mnyamata amene anapulumutsa Suzana pofunsa mboni zonama payokhapayokha. Nkhani imeneyi muipeza m'Baibulo la Akatolika, koma m'Buku Lopatulika mulibe.

Pali chinthu china chimene wophunzira ayenera kuchidziwa asanamuweruze Shylock. Ayuda anapirikitsidwa ku England mu 1290 ndipo sanaloledwe kubwereranso poyera mpaka m'ma 1650, Shakespeare atamwalira kale. Choncho anthu oonerera sewerolo ankadziwa Abrahamu ndi Mose bwino lomwe, koma Myuda wamoyo ankangomumvera m'mphekesera. Ankaimba masalimo a Davide Lamulungu, n'kumaseka mdzukulu wa Davide Lolemba. Kumapeto Shylock akukakamizidwa kusiya chipembedzo chake, ndipo Akhristu a m'sewerolo akuchitcha chifundo. Ife amene makolo athu ananyozedwapo chifukwa cha miyambo yawo sitiyenera kuvutika kuona nkhanza imene yabisala pamenepo.

M'sewero la Macbeth, msilikali wovulala akufanizira bwalo la nkhondo ndi Gologota, ndipo mkazi wa Macbeth, amene poyamba ankati timadzi pang'ono tichotsa mlandu wonse, akumaliza ali chiyendere kutulo, akutikita manja osayera. Ndi Pilato amene akuoneka kuseri kwake. Alembi otsatira anapitiriza mwambowu. John Milton anamanga ndakatulo yake yaitali ya Paradise Lost ya 1667 pa mitu itatu yoyamba ya Genesis. Herman Melville, mu Moby-Dick ya 1851, anatcha wofotokoza nkhani Ishmael, mwana wopirikitsidwa, ndipo woyendetsa chombo anamutcha Ahab, dzina la mfumu yoipa. East of Eden ya John Steinbeck, ya 1952, ndi nkhani ya Kaini ndi Abele itavala zovala za alimi a ku California. Mutu wa buku la William Golding la 1954, Lord of the Flies, ndi tanthauzo la dzina la Belezebule. Ngakhale George Orwell, amene sanali munthu wopemphera, anaika malamulo 7 pakhoma m'buku la Animal Farm, ndipo khwangwala wolalikira za dziko lokoma la kumwamba anamutcha Moses.

Buku lomweli ndi limene amishoni anabwera nalo kuno, ndipo anazindikira msanga kuti silingagwire ntchito likakhala m'Chingerezi. Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia anatulutsa Chipangano Chatsopano m'Chinyanja mu 1886. David Clement Scott wa ku Blantyre anamasulira Mauthenga Abwino m'Chimang'anja, ndipo mu 1892 anasindikiza buku lalikulu lotanthauzira mawu a chinenerocho. Ku Likoma, William Percival Johnson ankamasulira m'Chinyanja cha kunyanja. Vuto linali lakuti mishoni iliyonse inkalemba kalankhulidwe ka dera lake ndi kalembedwe kakekake. Mu 1900 amishoni anagwirizana zokhala ndi Baibulo limodzi limene lingamveke kuyambira ku Mulanje mpaka ku Kasungu. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anatsogolera komiti, koma mtolo weniweni unagwera William Hoppe Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, imene inayamba ku Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, mu 1889. Chipangano Chatsopano chinatuluka mu 1906, ndipo Baibulo lonse, Buku Lopatulika ndilo Mau a Mulungu, linasindikizidwa mu 1922.

Mabuku a mbiri amakonda kulekezera pa dzina la Murray, koma mzungu wobadwira ku South Africa sakanatha yekha kusiyanitsa kukhuta ndi kukhutira, kapena kudziwa liwu loyenera pamaliro ndi loyenera pabwalo la mfumu. Anali ndi Amalawi okhala naye tsiku ndi tsiku, monga Jonathan Sande ndi Ishmael Mwale, amene ankayesa chiganizo chilichonse ndi khutu la mwini chinenero. Zimene anthuwa anasankha zikutilamulirabe. Nyumba yaikulu ya Solomo inatchedwa kachisi, dzina la kanyumba kaudzu kamene makolo ankathirako nsembe. Liwu lakuti nsembe lenilenilo, wansembe, mzimu ndi Mulungu, onsewa anali mawu a chipembedzo cha makolo, ndipo omasulira anawatenga n'kuwasenzetsa katundu watsopano. Mchewa womva za nsembe ya Abele kapena za njala ya m'masiku a Yosefe sankamva zachilendo. Ankadziwa mitala ya Yakobo, chokolo cha Rute, kulira mvula kwa Eliya ndi kulemekeza manda a makolo kuposa m'mene mmishoni amene ankamuphunzitsayo ankazidziwira. Pamenepa ndi pamene wophunzira wa ku Malawi amaposera mnzake wa ku London wa masiku ano, amene mwina sanaonepo nkhosa ikuwetedwa ndipo kutchalitchi sanapondeko.

Si zonse zinayenda bwino. Chichewa cha Buku Lopatulika chimatsata kwambiri kamangidwe ka ziganizo za Chihebri ndi Chigriki, kotero kuti m'makalata a Paulo munthu amafika kumapeto kwa vesi ataiwala pamene linayambira. Komabe kwa mibadwo ingapo ili ndilo linali buku lalikulu, mwinanso lokhalo, m'nyumba zambiri, ndipo Chichewa cholembedwa chinakulira pamiyendo pake. Akatolika anatulutsa lawo, Malembo Oyera, mu 1966, ntchito ya Bambo Louis Villy. Mu 1998 kunabwera Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti anamasulira pamodzi m'Chichewa cha masiku ano. M'buku limeneli, pamalo pamene Murray ndi anzake analemba Yehova, omasulira anaikapo Chauta, dzina limene Achewa ankaitanira Mulungu wa mvula amishoni asanabwere.

Alembi athu oyamba anatuluka m'sukulu za mishoni zomwezi. Samuel Yosia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, imene inapata mphotho pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Afrika mu 1933, ndipo chaka chotsatira Cullen Young anaitulutsa m'Chingerezi pansi pa mutu wakuti Man of Africa. Nkhani yake ndi ya mnyamata wosamvera amene akuchoka kwawo, nachita zoipa zambiri kuchilendo, kenaka nabwerera, nakhala mfumu ndi kutembenuka mtima. Mafupa a nkhaniyi ndi a mwana wolowerera uja. Koma mnofu wake ndi wa Chichewa: maliro, milandu, njala, ufiti ndi ulamuliro wa amalume. Ndipo ambiri amene anawerenga bukuli angavomereze kuti Nthondo wakuba ndi wandewu ndi wamoyo kuposa Nthondo wotembenuka wa kumapeto. Milton nayenso anakumana ndi zomwezi, poti owerenga ake akhala akudandaula kuti Satana ndiye mpangankhani wosaiwalika m'ndakatulo yake.

Legson Kayira, wa ku Chitipa, ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro ku America. Mu katundu wake wochepa munali mabuku awiri, Baibulo ndi The Pilgrim's Progress ya John Bunyan, nkhani ya 1678 ya munthu wosenza mtolo amene akuthawa mzinda wa chionongeko kupita ku mzinda wa kumwamba. Anayenda mpaka ku Khartoum, ndipo mu 1960 anakafika ku koleji ya Skagit Valley. Pamene analemba mbiri ya ulendowo, I Will Try, mu 1965, anali ndi chikombole kale m'mutu mwake. Bunyan anaumba ulendo wake potengera Baibulo, Kayira anatengera onse awiri.

Tisaganize kuti Aafrika analandira bukuli m'mene anapatsidwira. Amishoni ndi atsamunda ankakonda mavesi onena za kumvera olamulira, koma anthu olipira msonkho wa nyumba ndi ogwira thangata anapezamo Mose akuima pamaso pa Farao, ndi aneneri akudzudzula olanda minda ya amphawi. John Chilembwe, amene anaphunzira za ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia nabwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, anawerenga Baibulo lonse m'Chingerezi Buku Lopatulika lisanatuluke. Ataukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, azungu ena a m'maesiteti analoza chala sukulu za mishoni, nafuna kuti sukulu zoyendetsedwa ndi aphunzitsi achikuda zitsekedwe. Hetherwick anawatsutsa kwamphamvu. Azunguwo anali ataona chinthu choona: ukamuphunzitsa munthu kuwerenga, sungamusankhirenso tsamba.

Alembi a mu Afrika olemba m'Chingerezi anapitiriza kuligwiritsa ntchito bukuli mwa njira yawoyawo. Alan Paton, mu Cry, the Beloved Country ya 1948, anatcha mwana wa mbusa Kumalo dzina lakuti Absalom, ndipo wodziwa m'mene Davide analirira Abisalomu amayamba kuda nkhawa asanafike n'komwe pa mlandu wa ku Johannesburg. Ngugi wa Thiong'o anatenga mutu wa A Grain of Wheat, ya 1967, m'Chipangano Chatsopano, pa fanizo la mbewu imene iyenera kufa kuti ibale, ndipo analiika pa nkhondo ya Mau Mau ndi pa munthu wopereka mnzake. Chinua Achebe anabwereka mutu wa Things Fall Apart, ya 1958, ku ndakatulo ya W. B. Yeats yotchedwa The Second Coming, imene nayo inabwereka zithunzi zake ku malemba onena za kutha kwa dziko. Yeats ankaopa chilombo chimene chikudza kudzagwetsa Ulaya wachikhristu. Kwa Achebe, chimene chinagwetsa mudzi wa Okonkwo ndi Ulaya wachikhristu yemweyo.

Pali msampha umene wophunzira wakhama amagwamo akangozindikira zonsezi: amayamba kuona Baibulo paliponse. M'buku la John Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe, munthu akupha m'bale wake chifukwa cha nsanje, ndipo mbalame ikuulula mlanduwo ndi nyimbo. N'kosavuta kulemba pamayeso kuti ameneyu ndi Kaini, ndipo kufananitsako si kulakwa. Koma nthano ya mbalame yoimba za magazi obisika ndi ya agogo athu, ndipo nsanje ya pachibale sinadikire sitima ya amishoni. Nthano ya Kaphirintiwa, imene imati anthu ndi nyama anatsika ndi mvula, nakhala mwamtendere ndi Chauta mpaka munthu atapeka moto, si Genesis wobedwa. Mwina mitsinje iwiriyi imasakanikirana ndithu. Matthew Schoffeleers, wansembe amene anafufuza kwa zaka zambiri za Mbona wa ku Khulubvi m'boma la Nsanje, anasonyeza m'buku lake la 1992, River of Blood, kuti nkhani za Mbona zakhala zikusintha ndi nyengo, ndipo anaona kuti ena ofotokoza anafika pomufanizira Mbona ndi Yesu. Wowerenga sewero la Steve Chimombo la The Rainmaker ayenera kudziwa Mbona poyamba, Baibulo pambuyo.

Funso lotsala ndi lakuti kodi kuwerenga malembawa m'kalasi si kulalikira? Nkhaniyi inavutapo m'dziko muno. Mu 2000 boma linafuna kuti phunziro la Bible Knowledge m'sukulu za sekondale lilowedwe m'malo ndi la Religious and Moral Education, lophunzitsa Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo pamodzi. Mipingo yachikhristu inakana kwamtuwagalu, Pulezidenti Bakili Muluzi anaimitsa kusinthako, ndipo pambuyo pake maphunziro onse awiri analoledwa. Mkanganowo unali wa chipembedzo, ndipo mbali zonse zinali ndi zifukwa zake. Koma zofuna za phunziro la nkhani zolembedwa ndi zina. Mphunzitsi wa Shakespeare safunsa ngati wophunzira amakhulupirira kuti nsomba inameza Yona. Amafunsa ngati akuidziwa nkhaniyo, monga momwe Mkhristu amaphunzirira za Gule Wamkulu kuti amvetse ndakatulo popanda kulowa kudambwe. Golding ndi Steinbeck sankalemba ulaliki, ndipo Orwell ankachita chipongwe ndithu. Mwana wa Chisilamu wa ku Mgona naye sayamba chimanjamanja, poti kumadrasa anamva za Adam, Nuh, Ibrahim, Musa ndi Yunus, ndipo sura 12 ya Qur'an yonse ndi nkhani ya Yusuf, kuyambira pa maloto ake, chitsime chimene abale ake anam'ponyamo, mpaka tsiku limene anadzagwada pamaso pake.